Makalata a omvera: 12 wanga wasiyana pati ndi 12 wa akazi anga?

Amene munaphonya pulogalamu yadzulo chifukwa cha magetsi, makalata awiri aja ndi awa.

Bambo ena aku Nchalo alemba kuti: "Achimwene, anesi anatiyeza magazi ine ndi akazi anga, tonse makina anaonetsa 12. Mayi anauzidwa kuti ali bwinobwino, ine akuti magazi achepa ndizidya chiwindi ndi bonongwe. Si tsankho limeneli?"

Ayi bambo, anesiwo sanakondere. Mulingo wa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO umati mwamuna akatsika pa 13 magazi achepa, mkazi ndi 12, woyembekezera 11. Ndiye chiwindicho gulani basi, mugawireko mayi. Ndipotu kusiyanitsa kotereku kunachita kumenyeredwa, ku America mu 1977 boma linati akazi a msinkhu wobereka asamalowe mkafukufuku woyambirira wa mankhwala, poopa zomwe anachita Thalidomide, mankhwala aja anapundula ana ali m'mimba, mapeto ake mankhwala ambiri anayesedwa pa amuna kenako nkumapatsidwa kwa aliyense. Lamulo loti akazi aziwerengedwa nawo linabwera mu 1993. Mpaka 2013 ndi pomwe anadula pakati mulingo wa akazi wa zolpidem, mankhwala ogonetsa, ataona kuti kukucha akadali m'magazi mwawo.

Kalata yachiwiriyi inandikhudza. Mayi aku Makhanga akuti: "Ndimamva kuwawa pansi pa mchombo, pokhala malo amodzi ndi bambo ndimaona magazi. Kawiri konse ndalandira mankhwala a matenda opatsirana pogonana, osasintha, pano abambo akunyumba akundiganizira zoipa."

Mayi, ine si dokotala, koma bwererani kuchipatala mukawauze anesi ngati mumachapa ndi kusamba mu Shire, mukawafunse za likodzo. Tonse tinakula tikudziwa likodzo ngati mnyamata wokodza magazi akachoka kosambira, koma kwa mkazi mazira a tizilomboto amakakhazikika m'njira yoberekera mpaka pa khomo la chiberekero, zilonda zake nkumafanana ndi matenda achiwerewere, mwinanso mkodzo uli woyera. Mankhwala ake ndi Praziquantel yemweyo amagawa m'masukulu uja. Mukapemphenso akuyezeni khansa ya khomo la chiberekero poti nayonso imayamba chonchi.

Abambo akunyumbawo mupite nawo, akamve okha pakamwa pa anesi. Ngati amapalasa bwato kapena kuwedza m'dambomo nawonso akayezetse mkodzo.