Makalata a Omvera: Mbusa amene anafera otolera zinyalala

Omvera athu okondedwa, takulandirani ku gawo la makalata. Sabata ino thumba lathu ladzaza ndi nkhani ya Mbusa Martin Luther King Jr., womenyera ufulu wa anthu akuda ku America, amene tinakamba za moyo wake m'pologalamu yapitayi, ndipo amene makalata awo sindiwafikira lero andikhululukire.

Ndiyamba ndi mnyamata wa Fomu 3 wa ku Mchinji, amene akufunsa ngati ameneyu ndi Martin Luther yemwe uja anakangana ndi Papa. Iyayi mwanawe, uja anali wa ku Germany ndipo anamwalira mu 1546. Akanakhala yemweyo, bwenzi akutsogolera zionetsero ku America ali ndi zaka zoposa 400, ndipo sindikhulupirira kuti mawondo akanamulola. Wathuyu anabadwira ku Atlanta pa 15 Januwale 1929 ndipo ankatchedwa Michael, koma bambo ake, amenenso anali mbusa, atabwerako ku Germany mu 1934 anasintha dzina lawo ndi la mwana wawo yemwe.

Tsopano ndiwerenge kalata imene yandikhala pamtima sabata yonseyi. Alemba ndi bambo wina amene wapempha kuti ndisatchule dzina lake, ndipo akuti: "A muulutsi, ine ndimagwira ntchito yotolera zinyalala m'tauni, ndipo ndakalambira pa lole imeneyi. Munanena mongodutsa kuti King anaphedwa atapita kukathandiza anthu a ntchito ngati yanga. Kodi zimenezi n'zoona, kapena munangofuna kutisangalatsa? Ife tikamadutsa anthu amatseka mphuno, magolovesi timagula ndi ndalama zathu, ndipo mwana wanga amauza anzake kusukulu kuti ndine dalaivala. Sindikumvetsa kuti munthu wophunzira chotero, wolandira mphoto ya Nobel, angataye moyo chifukwa cha anthu onga ife."

Bambo, n'zoona ndithu, ndipo nkhaniyi ndiifotokoza mwachifatse chifukwa ndi yanu kuposa wina aliyense. Pa 1 Febuluwale 1968, mumzinda wa Memphis m'chigawo cha Tennessee ku America, kunkagwa mvula yamphamvu, ndipo anzanu awiri pantchito imeneyi, Echol Cole ndi Robert Walker, anausa mvulayo kumbuyo kwa lole ya zinyalala. Makina opsinja zinyalala, amene anali akale ndiponso owonongeka, anayamba kugwira ntchito mwadzidzidzi n'kuwaphwanya onse awiri. Patangopita masiku 11, anthu akuda pafupifupi 1,300 ogwira ntchitoyi ananyanyala. Amenewa ankasenza zinyalala pamutu m'mabeseni obooka, madzi onunkha akuyenderera m'khosi, pamalipiro ochepa kwambiri moti ambiri a iwo, ngakhale ankagwira ntchito tsiku lonse, ankadalirabe thandizo la boma loperekedwa kwa osauka. Meya wa mzindawo, Henry Loeb, anakanitsitsa kuvomereza bungwe lawo la apantchito, choncho iwo anayamba kuguba m'misewu atanyamula zikwangwani zokumbutsa mzinda wonse kuti nawonso ndi anthu.

Pa nthawiyo King anali atalandira kale mphoto ya Nobel mu 1964, anali atayankhula kale pamaso pa anthu pafupifupi 250,000 ku Washington, ndipo ena mwa omuthandiza ankaona kuti nkhani ya ku Memphis ingomuchedwetsa pa ntchito yaikulu yosonkhanitsa osauka a dziko lonse. Iye anapitabe. Chionetsero cha pa 28 Malichi chinathera m'ziwawa, apolisi n'kupha mnyamata wa zaka 16, koma King anabwereranso kuti akatsogolere china mwamtendere. Madzulo a pa 4 Epulo, ataima pakhonde la m'mwamba la Lorraine Motel, kunja kwa chipinda 306, anawomberedwa ndipo anamwalira ali ndi zaka 39 zokha. Patangopita masiku anayi mkazi wake, Coretta Scott King, maliro asanaikidwe n'komwe, anatsogolera khamu m'misewu ya Memphis m'malo mwa mwamuna wake, ndipo pa 16 Epulo akuluakulu a mzinda anagonja: anavomereza bungwe lija n'kuwonjezera masenti 10 pa ola, ndi masenti ena 5 patsogolo pake. Masenti 15, bambo, ndi amene anali ovuta kutulutsa mpaka munthu atafa.

Ndiye funso lanu loti angafere bwanji anthu onga inu, ine ndikuliyankha motere: iye sankaona kuti ufulu wolowa m'lesitilanti imodzi ndi mzungu uli ndi phindu kwa munthu amene alibe ndalama yogulira chakudyacho. Mukauze mwana wanu nkhani ya Memphis usiku uno. Ngati adzapitirizabe kunena kuti ndinu dalaivala musamukalipire, pakuti manyaziwo sanabadwe nawo, tinamuphunzitsa ndife otseka mphunofe.

Ndipo apa mundilole ndidzudzule pang'ono, chifukwa makalata ambiri sabata ino akubwereza dandaulo limodzi, lakuti anthu otere sitiwalemekeza mokwanira, tiwamangire ziboliboli, titchule misewu mayina awo. Abale anga, zonsezo a ku America anachita kale. Misewu yodziwika ndi dzina la King ilipo mazanamazana, motelo ija anaisandutsa nyumba yosungiramo mbiri mu 1991, ndipo chiboliboli chake chachikulu chinatsegulidwa ku Washington mu 2011. Koma pamene anali moyo, bungwe la boma lofufuza milandu la FBI linkatchera khutu pa matelefoni ake, ndipo atadzudzula nkhondo ya ku Vietnam mu 1967 nyuzipepala zikuluzikulu zinamutembenukira, pamodzi ndi ena amene anali abwenzi ake. Paja akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Munthu akafa savuta kumulemekeza, chifukwa sangadzukenso kudzafunsa kuti mlonda wa pageti panu munamulipira liti, kapena kuti mtsikana amene amakuchapirani zovala amadyera mbale yanji. Mzinda wa Memphis womwewo unadikira mpaka 2017 kuti upereke ndalama kwa okalamba ochepa otsala mwa onyanyala aja, amene analibe penshoni ya mzinda ngati anzawo a ntchito zina. Ine sindidana ndi chiboliboli, koma amene akufuna kusonkha ndalama zochimangira ayambe waona ngati alibe ngongole kwa wantchito wake.

Mayi wina wa ku Malawi amene amasamalira okalamba ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, akudandaula kuti kumeneko pa tsiku la tchuthi lokumbukira King ambiri amangogona kapena kuthamangira katundu wotsika mtengo m'masitolo. Mayi, tchuthi chimenecho sichinabwere mophweka: phungu John Conyers anachipempha patangopita masiku anayi King ataphedwa, Pulezidenti Ronald Reagan anasainira lamulo lake mu 1983, ndipo zigawo zonse 50 zinayamba kuchisunga m'chaka cha 2000. Lamulo la mu 1994 linati likhale tsiku lotumikira ena mongodzipereka, choncho inu amene mumasambitsa agogo a eni ake pa tsikulo mukulisunga bwino kuposa ogonawo, ngakhale kuti mumalipidwa.

Mphunzitsi wa ku Chiradzulu akufunsa ngati pali ubale pakati pa King ndi Mbusa John Chilembwe, poti 15 Januwale ndi tsiku limene King anabadwa komanso limene Malawi amakumbukira Chilembwe. Aphunzitsi, awiriwa sanaonanepo, chifukwa Chilembwe anaphedwa mu Febuluwale 1915, King asanabadwe. Komabe onse anali abusa a Baptist, ndipo Chilembwe anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, n'kubwera kudzakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe mothandizidwa ndi National Baptist Convention, mpingo wa anthu akuda umenenso banja la King linkatumikiramo. Onse anakwiya ndi nkhanza zimene apantchito osauka ankakumana nazo, koma Chilembwe anatenga zida pamene King anakana zida mpaka imfa, ndipo mukamaphunzitsa ana musawabisire kusiyana kumeneku.

Bambo a ku Chipata akufunsa amene anapha King. Khoti linagamula James Earl Ray, amene anagwidwa pabwalo la ndege la Heathrow ku London, kuti akhale m'ndende zaka 99 atavomera mlandu mu 1969. Pambuyo pake anasintha mawu, a banja la King anafika pokhulupirira kuti panali chiwembu cha anthu ena, ndipo Ray anamwalira mu 1998 akadali mkaidi.

Kwa achimwene a ku Johannesburg amene alemba masamba asanu ndi limodzi kunditsutsa kuti Malcolm X, mtsogoleri wina wa anthu akuda ku America, ndiye anali wolondola osati King, kalata yanu ndaisunga ndipo tidzaiwerenga sabata yamawa, koma ndikupemphani kuti ulendo wina muzilemba zilembo zazikulupo, chifukwa maso a muulutsi wanu akalamba.