Mbalame imodzi pawindo ku Leeds

Moni nonse amene mukundimvera, kaya muli m'basi kupita ku shifiti ya usiku, kaya mwangoweruka kumene.

Sabata yatha agogo ena amene ndimawasamalira kuno ku Leeds, ku England, anasiya kudya mwadzidzidzi, n'kuyang'ana pawindo, kenako n'kukweza dzanja pachipumi ngati msilikali. Pa udzu panatera magpie, mbalame yakuda ndi yoyera ya mchira wautali. Anandiuza kuti ikakhala yokha imabweretsa chisoni, zikakhala ziwiri ndiye chimwemwe, choncho ukaona imodzi uziipatsa moni. Anati imeneyo ndi omen.

Omen si malodza ndendende ayi. Malodza amaloza zoipa zokhazokha, pomwe omen akhoza kukhala wabwino kapena woipa. Koma mukamva ominous, dziwani kuti zabwino palibe. Amatero poona mitambo yakuda bii, kapena bwana akangoti zii osayankha uthenga.

Mawu amene ndikufuna muwagwiritsitse ndi bode. Chaka changa choyamba pantchitoyi, namwino anamvetsera mmene bambo ena okalamba ankapumira, n'kundiuza chapansipansi kuti it doesn't bode well. Ine ndinamva ngati akunena za body, thupi, ndiye ndinapita kukawatembenuza ndi kuwakonzera mapilo. Iye amatanthauza kuti zizindikiro zikuonetsa kuti kutsogoloku sikuli bwino. Bambowo anatisiya patapita masiku awiri, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti usiku umenewo sindinakhale nawo pafupi nthawi yaitali. Azungu kuno sakonda kutchula imfa mwachindunji, amangozungulira ndi mawu ngati amenewa. Dokotala yekha ndiye amati prognosis, kutanthauza mmene akuonera kuti matenda ayendera.

Nditayamba kufufuza ndinadabwa kuona kuti Chingerezi chadzaza ndi kuombeza. Ku Roma wakale kunali ansembe otchedwa augur amene ankayang'ana kaulukidwe ka mbalame boma lisanachite chinthu chachikulu. M'menemo ndi mmene munachokera inauguration, mwambo wolumbiritsa mtsogoleri. Auspicious, tsiku kapena chiyambi cholonjeza zabwino, gwero lake ndi mawu achilatini onena za kuyang'ana mbalame. Ngakhale disaster poyamba ankatanthauza nyenyezi yoipa.

Olosera enieni aliponso. Fortune teller ndi woombeza, wina amawerenga mizere ya m'chikhatho, wina masamba a tiyi otsalira m'kapu, wina makadi 78 a tarot. Horoscope ndi ija ya nyenyezi imatuluka m'nyuzipepala. Mu 1944 mayi wina, Helen Duncan, anaweruzidwa n'kuikidwa m'ndende ku London pansi pa lamulo la ufiti la 1735 chifukwa chonena kuti amaitana mizimu ya akufa, ndipo lamulolo linachotsedwa mu 1951. Ku Tower of London, linga lakale lachifumu, mpaka pano amaweta makwangwala akuluakulu osachepera 6, poti pali chikhulupiriro chakuti akadzathawa ufumu udzagwa.

Agogo aja sindinawatsutse, ndipo sindingayerekeze. Ali ndi zaka zoposa 90, anzawo ambiri anapita, ndipo mbalame ija imawalankhula zinthu zomwe ine sindingazimve. Dzulo m'mawa kunatera ziwiri pampanda. Ndinasiya tiyi patebulo, n'kuthamangira kukatembenuza mpando wawo kuti azione zisanauluke.