Makalata a Omvera: Kudya ndi Kulimbitsa Thupi pa M'bindikiro

Takulandirani omvera athu kulikonse kumene muli. Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Malawi amene ndi namwino ku Johannesburg. Akuti:

"Kuno m'bindikiro wa Covid-19 unayamba pa 27 March 2020, ndipo ngakhale kuthamanga mumsewu kunaletsedwa. Pa 1 May ndi pamene analola anthu kutuluka kukalimbitsa thupi, kuyambira 6 koloko mpaka 9 koloko m'mawa, osapitirira makilomita 5 kuchokera pakhomo. Vuto lake ndi ili: munthu amasiya kuyenda, koma mitanda ya nsima sichepa. Tiyi amene ankamwa kamodzi amayamba kumwa kanayi. Masupuni aang'ono atatu a shuga m'kapu iliyonse ndi masupuni 12, pafupifupi magalamu 50, womwe ndi mlingo umene munthu wamkulu sayenera kupitirira pa tsiku lonse, mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera tisanawerenge. Zam'chitini, polony ndi supu wa m'mapaketi zili kale ndi mchere wambiri, pamene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mchere usafike magalamu 5 patsiku, supuni yaing'ono imodzi basi. Kulimbitsa thupi kumafunika mphindi 150 pa sabata, kutanthauza 30 patsiku masiku asanu, ndipo mutha kuzigawa 10, 10, 10. Chigubu cha madzi cha malita 5 chimalemera makilogalamu 5, chinyamuleni. Khalani pampando ndi kudzuka osagwira ndi manja ka 10, mupume, mubwereze katatu."

Zikomo kwambiri mayi, mwatigwira mtima. Ndiwonjezere za odwala. Amene mumabaya insulin, mankhwala a matenda a shuga, musayambe masewero muli ndi njala, shuga atha kutsika mpaka kukomoka. Khalani ndi kanthu kotsekemera pafupi. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena phuma, lekani pomwepo. Thupi likatentha chifukwa cha matenda, gonani, masewero adikire.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina, mlangizi wa za kadyedwe ku Mchinji.

"Kwathu kuno khoti linaimitsa m'bindikiro mu April 2020, koma sukulu zinali zitatsekedwa kale pa 23 March, ndipo ana amene ankamwa phala kusukulu analisowa. Phala limenelo mutha kukonza pakhomo. Tengani makapu anayi a chimanga chosakonola ndi kapu imodzi ya soya. Soyayo musankhe, mumukazinge pamoto wochepa mpaka fungo lauwisi lithe, mumupete makoko achoke, kenaka musakanize ndi chimangacho n'kukagayitsa. Soya wosakazinga amatupitsa mimba ndipo thupi silipindula naye mokwanira, n'chifukwa chake ana ena amalikana phalalo. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, loyamba kusowa msika ukavuta ndi masamba. Futsani akadali ambiri: nkhwani, khwanya, chitambe, bonongwe. Atsukeni musanadule, muwaviike m'madzi owira mphindi ziwiri kapena zitatu zokha, muwakhetse, muwayanike mopyapyala pa mphasa yoyera pathandala, pamthunzi podutsa mphepo. Dzuwa lamphamvu limawononga mavitamini ena. Mfutso wauma ukamafumbutuka m'manja. Mukausunga uli ndi kachinyontho, m'chikwatu kapena m'ndowa, umachita chuku."

Bambo, mwakamba zenizeni, ndipo pa chukupo ndiimepo pang'ono chifukwa pamandidetsa nkhawa. Anthu akaopa njala amagula mtedza ndi chimanga chambiri n'kuunjika matumba pansi, kukhudza khoma. Chinyontho chikalowa, chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi komanso kupinimbiritsa ana. Kuphika sikumuchotsa. Mtedza wofota, wakuda kapena wowawa usalowe mu nsinjiro, ndipo musaupatse nkhuku kapena ng'ombe za mkaka. Matumba akhale pa mitengo, otalikirana ndi khoma.

Za anawo, mwana wa zaka 5 mpaka 17 amafunika ola lathunthu tsiku lililonse akuthamanga ndi kudumpha. Chingwe chodumphira, phada, fulaye ndi mpira wachikulunga zimakwana pabwalo la pakhomo.

Kalata yachitatu, ya mafuta ophikira obwerezabwereza, tidzaiwerenga sabata ya mawa.