Zomwe odulira mitengo timadandaula tikakumana

Zikomo a tcheyamani, zikomo amayi ndi abambo nonse amene mwafika. Muli kumbuyoko, mawu akapanda kukufikani mukweze dzanja.

Andipempha ndilankhule za ntchito yathu yosamalira mitengo: kusadza nthambi, kugwetsa mtengo womwe wayamba kuopseza nyumba, ndi zina zotero. Ena mwa inu mumagwira ntchito imeneyi, ena ndinu amene mumatiitana. Nonse zikukukhudzani.

Mukatipeza tikupuma masana, nkhani yomwe imakhala mkamwa ndi ya makina. Wina akuti chainsaw yake ikukana kulira m'mawa. Wina akuti yake ikulira bwinobwino, koma akangoipatsa moto ikuzima. Wina akudandaula kuti ikudula mokhota. Wa makina a kampani ya Stihl akuseka wa makina a Husqvarna, wa Husqvarna akubwezera, mkangano wosatha. Ine ndikamamvetsera, ndimaona kuti madandaulo ambiri gwero lake ndi tcheni yobuntha, ndipo otsalawo ambiri ndi a mafuta.

Tiyambe ndi tcheniyo. Mukaiyang'ana pafupi muona kuti mano ake ndi opindika, lina layang'ana kumanja, lotsatira kumanzere. Maonekedwe amenewa anawatulukira Joseph Cox wa ku Oregon, ku America, ataonerera mmene mphutsi ya kachilombo koboola mitengo imatafunira thunthu, ndipo anayamba kupanga matcheni otere mu 1947. Ndiye dziwani kuti dzino lililonse limasema, limachotsa kachibanthu kake. N'chifukwa chake njira yodziwira ngati tcheni ili yakuthwa n'kuyang'ana pansi, pomwe pakugwera zotuluka. Zikamagwa tizibanthu tooneka bwino, ili bwino. Ukayamba kutuluka utuchi wosalala wouluka ngati fumbi, imani, yabuntha. Tcheni yakuthwa imadzikoka yokha kulowa mumtengo, inu ntchito yanu n'kungoiwongolera. Yobuntha imafuna muikankhe. Mukakankha, bar, chitsulo chija tcheni imayendapo, imatentha mpaka m'mphepete kusintha mtundu, utsi kumatuluka pamene mukudulapo, mafuta kumatha msanga, mikono kutopa ntchito isanafike pakati. Ndipo kubuntha sikuchedwa. Kungogunda dothi kamodzi, kapena mwala wobisika m'khungwa, basi.

Kunola kwake n'kumene anthu timasiyanirana. Saizi ya tupa iyenera kugwirizana ndi tcheni yanu: pali 4.0, 4.8, 5.2 ndi 5.5 mm, ndipo zimalembedwa pa paketi ya tcheni. Matcheni ambiri amanoledwa mopendeka madigiri 30 kapena kuyandikira pamenepo. Tupa mumakankhira kutsogolo kokha, kuchokera mkati mwa dzino kupita kunja, pobwerera n'kunyamula. Chovuta n'chakuti aliyense ali ndi dzanja lomwe limamukomera, ndiye mbali imodzi amainola kwambiri. Mano a mbali imodzi akatalika kuposa anzawo, makina amadula mokhota, munthu n'kumathamangira kukagula bar yatsopano pomwe vuto lili m'dzanja lake. Werengani mikwapulo ya tupa, dzino lililonse lilandire yofanana.

Kutsogolo kwa dzino lililonse kuli kachitsulo kotumphuka komwe kamaletsa dzinolo kuluma mozama. Pa matcheni ambiri kamayenera kutsika ndi 0.65 mm kuyerekeza ndi nsonga ya dzino. Pali anyamata ena amakapala kwambiri kuti ati makina azidya msanga. Amadyadi, koma amanjenjemera, amagwidwa mumtengo, ndipo amabwerera kumaso mosavuta.

Kubwerera kumaso kumeneku ndikufuna mukumvetse, abale anga, chifukwa n'kumene kumavulaza anthu. Tcheni ikamathamanga imayenda pafupifupi mamita 20 pa sekondi imodzi. Mbali yam'mwamba ya kunsonga kwa bar ikangogunda nthambi kapena chinthu cholimba, makina onse amadumpha kubwerera kwa inu, ndipo palibe munthu wochenjera moti n'kuwazinda. Chomwe chimakupulumutsani ndi buleki ya tcheni, chotchinga chija chili kutsogolo kwa dzanja lamanzere, komanso kagwiridwe kanu. Chala chachikulu chizungulire chogwirira, manja onse awiri akhale pa makina, ndipo musadule pamwamba pa mapewa anu kapena mutaima pa makwerero. Makina omwe buleki yawo inafa n'kungosiyidwa choncho, kwa ine amenewo asatuluke m'nyumba.

Kakang'ono kena: tcheni ikatentha imatalika. Mukaimanga ili yotentha n'kuisiya osaimasula, pozizira imafupika n'kumakoka zitsulo za mu injini. Bar nayo muziitembenuza mukamasintha tcheni, kuti izitha mofanana.

Tibwere ku mafuta. Injini ya chainsaw ilibe mosungira oyilo ngati ya galimoto, oyilo wake amalowa pamodzi ndi petulo. Makina ambiri amasiku ano amafuna 50 kwa 1, kutanthauza 100 ml ya oyilo wa two-stroke mu malita 5 a petulo. Yezani, musathire mongoganizira, ndipo oyilo wa galimoto si wake. Mafuta osakaniza akagona m'chigubu kupitirira mwezi amayamba kuwonongeka, makamaka petulo wokhala ndi ethanol, yemwe amakoka chinyezi n'kuumitsa timalabala ta mu kabureta. Uja akuti makina ake akuzima akawapatsa moto, mufunseni mafutawo anasakaniza liti. Kenako atsegule aone sefa ya mpweya, kawirikawiri mupeza yatsekeka ndi utuchi wosalala uja wa tcheni yobuntha. Aone pulagi. Akatha zonsezi m'pamene angaganize za kabureta.

Koma ambiri amayambira ku kabureta, sikuludiraiva ili m'manja. Amatseka sikulu yolembedwa H pang'onopang'ono, makina n'kumalira mokweza, mwiniwake n'kumanyadira kuti tsopano ali ndi mphamvu. Pamenepo wachepetsa mafuta olowa mu injini, ndipo oyilo wachepa nawo limodzi. Pisitoni imatentha, imakanda silinda, tsiku lina makina kungoti zii, chingwe cholizira osakokekanso. Ngati simunaphunzire kutchuna kabureta, pitani nawo kwa mekaniki.

Oyilo wa tcheni ndi wina, womata, wopangidwa kuti asamatayike tcheni ikamazungulira. Oyilo wakuda wotsitsidwa m'galimoto samata, ali ndi zinyalala zomwe zimadya pampu yopopa oyiloyo, komanso mumamuwaza pansi ndi pakhungu panu tsiku lonse. Musanayambe kudula, lozetsani bar pa chitsa osaigunditsa, mupatse moto pang'ono. Pakaoneka kamzere ka oyilo, ndiye kuti akufika.

Za zingwe ndingonena mwachidule. Chingwe chokwerera munthu chisamatsitsirenso nthambi. M'mawa uliwonse chidutse m'manja mwanu chonse, mumve ngati pali polimba, potupa kapena pothethuka, ndipo chisagone pafupi ndi petulo. Podula muli m'mwamba mudzimangirire malo awiri. Pansi pakhale mnzanu wotha kukwera kudzakutsitsani. Zotseka m'makutu muzivala, poti phokoso la chainsaw limapitirira madesibelo 100, pomwe makutu amayamba kuwonongeka munthu akamakhalitsa pa 85.

Tsopano munthu uja walimbana ndi makina obuntha kuyambira m'mawa, mikono yalema, akafika pa nthambi yaikulu amafuna angothana nayo. Amaidula kamodzi kuchokera pamwamba, nthambi pogwa n'kusenda khungwa kutsika nalo thunthu. Kadulidwe koyenera n'katatu. Choyamba mumacheka pansi pa nthambi, patali pang'ono ndi thunthu, osamaliza. Chachiwiri mumacheka pamwamba, kunja kwa pamene munayambira paja, nthambi igwe. Chachitatu mumachotsa kotsalako, koma osafika pa chotupa chija chili patsinde pa nthambi, pomwe yalumikizana ndi thunthu. Katswiri wa mitengo Alex Shigo, yemwe anagwira ntchito ku nthambi ya boma la America yoona za nkhalango, anang'amba mitengo yambirimbiri mlitali kuti aone mmene kuola kumayendera mkati. Anaonetsa kuti mtengo subwezeretsa malo ovulala ngati mmene khungu lathu limachitira. Umangowatchingira mkati n'kumera matabwa atsopano pamwamba pake, ndipo chitetezo chimenecho chimayambira pa chotupa chija. Mukachisenga kuti pasalale, mwatsegulira kuola njira yolowera m'thunthu. Mukasiya chitsa chachitali, mtengo umalephera kutseka. Penti yomwe ena amapaka pa bala sithandiza, ikhoza kungosunga chinyezi.

Inu eni mitengo, pali pempho lomwe timalimva kawirikawiri: "Ungoudula mutu, watalika." Mtengo wodulidwa mutu umaphukira mphukira zambiri zothamanga, zomera pakhungwa chabe, zosagwira mkati, pamene pabala paja pakuola. Pakapita zaka, nthambi zomwezo ndi zomwe zimathyoka ndi mphepo. Pa ulendo umodzi, musalole kuchotsa masamba opitirira gawo limodzi mwa magawo anayi. Mtengo ukamagwetsedwa, oonerera nonse, ana makamaka, muime patali kuwirikiza kawiri kutalika kwa mtengowo. Nthambi zikayandikira mawaya a magetsi, itanani a kampani ya magetsi, musatikakamize ife kukwera. Ndipo mukaona wantchito wakhala pansi ndi tupa nthawi ya ntchito, musamuthamangitse kuti akuchedwa, akunola.

Ndabwera ndi matcheni awiri pa tebulopa, ina yonola, ina yomwe inagunda dothi, pamodzi ndi zomwe iliyonse inatulutsa podula. Bwerani asanu asanu mudzaone kusiyana kwake. Magolovesi ali apa, muvale musanagwire. Mafunso tiyankhira pomwepa.