Minda imene inagwetsa boma la zaka 34 ku West Bengal

[Chithunzi: mapu a India, kenako West Bengal]

Moni nonse amene mukutionera. Lero tili ku India, m'chigawo cha West Bengal chimene likulu lake ndi Kolkata. Kumeneku chigawo chimakhala ndi nyumba ya malamulo yakeyake ndi nduna yaikulu yake. Boma la ku Delhi ndi lina, la m'chigawo ndi linanso.

Kuyambira mu 1977, West Bengal inkalamulidwa ndi Left Front, mgwirizano wotsogoleredwa ndi chipani cha chikomyunizimu. Anazika mizu ndi nkhani ya minda. Analembetsa m'kaundula alimi olima m'minda ya eni n'kumagawana nawo zokolola, kuti mwinimunda asamawathamangitse chisawawa. Anthu akumudzi sanaiwale. Pa chisankho cha 2006, Left Front inatenga mipando 235 mwa 294.

[Chithunzi: minda ya mpunga ku Singur]

Chaka chomwecho, boma la Left Front, lotsogoleredwa ndi nduna yaikulu a Buddhadeb Bhattacharjee, linatenga minda yachonde pafupifupi maekala 1,000 ku Singur, kuti kampani ya Tata imangepo fakitale ya galimoto yotsika mtengo ya Nano. Tangoganizani, omwe aja otetezera mlimi ndi amene akumuchotsa m'munda! Mayi Mamata Banerjee, amene chipani chawo cha Trinamool Congress chinali ndi mipando 30 yokha, ananyanyala chakudya kwa masabata oposa atatu.

Ndiye kunabwera za ku Nandigram, kumenenso anthu ankakaniza malo awo. Pa 14 Malichi 2007 apolisi anawombera, anthu 14 n'kufa. Mu 2008 a Tata anasamutsira fakitale ija ku Gujarat. Boma linatsala padzuwa, fakitale palibe, alimi akwiya.

[Chithunzi: zotsatira za 2011]

Mu 2011, Trinamool ndi abwenzi ake anapeza mipando 227, Left Front 62 basi. A Bhattacharjee analuza ngakhale mpando wawo womwe wa ku Jadavpur. Komatu musanyengeke ndi manambalawa. Mwa ovota 10 alionse, pafupifupi anayi anavoterabe Left Front. Kungoti phungu kumeneko amasankhidwa monga ku Malawi ndi ku Zambia: wapambana anzake ndi voti imodzi, mpando ndi wake.

Pa 20 Meyi 2011 Mayi Banerjee analumbira, mayi woyamba kukhala nduna yaikulu ya chigawochi. Nanga minda ya ku Singur ija? Mu 2016 khoti lalikulu la India linagamula kuti inatengedwa mosatsata malamulo, ibwezedwe kwa alimi. Zinyumba za fakitale zinachita kugwetsedwa kuti anthu alimenso.