Kusankha vinyo woyenerana ndi chakudya: malangizo kwa operekera alendo

Moni omvera nonse, makamaka inu achinyamata amene mwangoyamba kumene ntchito yoperekera alendo chakudya ndi zakumwa, kaya muli m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi ndi ku Salima, kaya muli m'malesitilanti a ku Cape Town ndi ku Johannesburg kumene abale athu ambiri akugwirako ntchito. Lero tikambirana za vinyo, ndipo khalani ndi cholembera pafupi chifukwa pali manambala angapo oyenera kusungidwa. Alendo akakufunsani kuti amwe vinyo wanji, musathamangire kutchula botolo lodula kwambiri pa mndandanda. Yambani mwadziwa chimene aitanitsa kukhitchini ndi mmene chaphikidwira, chifukwa kaphikidwe, msuzi ndi zokometsera ndi zimene zimatsogolera posankha vinyo, kuposa kungodziwa kuti m'mbale muli nyama kapena nsomba.

Tiyambe ndi mmene vinyo amapangidwira, popeza mukamvetsa zimenezi simuvutika ndi kuloweza mayina. Mphesa zikapsa amazithyola ndi kuzifinya, kenako madzi akewo amayamba kuwira okha popanda moto pamene yisiti ikudya shuga ndi kumusandutsa mowa. Shuga akatha yense vinyo amakhala wosatsekemera, ndipo ameneyo ndi amene pa lebulo amalembapo kuti dry, koma kuwirako kukaimitsidwa shuga asanathe, vinyo amatsala wotsekemera. Madzi a mphesa pafupifupi zonse, ngakhale zakuda bii, amatuluka oyera, ndipo kufiira kumachokera m'makoko. Choncho popanga vinyo wofiira makoko ndi njere zimasiyidwa m'madzimo kwa masiku angapo kapena milungu, popanga woyera makoko amachotsedwa kuwira kusanayambe, pamene popanga rosé, vinyo wofiirira pang'ono uja, makoko amangokhalamo maola ochepa.

M'makoko ndi m'njere zimenezo mumachokeranso chinthu chotchedwa tannin, chimene muyenera kuchidziwa ndi lilime lanu. Mukamwa tiyi wopanda mkaka amene masamba ake akhalitsa m'ketulo, mumamva m'kamwa mukuuma ndipo nkhama zimakhakhala, ndipo tannin wa mu vinyo wofiira amachita chimodzimodzi. Nthawi iliyonse imene mwapatsidwa mwayi wolawa vinyo kuntchito, dzifunseni ngati akuwawasa mpaka kudzutsa malovu, ngati akutsekemera, ngati akuumitsa m'kamwa, ndiponso ngati akumveka wolemera kapena wopepuka pa lilime. Mayankho amenewo ndi amene mudzagwiritse ntchito patebulo.

Pa vinyo woyera, mayina atatu ndi amene mudzakumana nawo tsiku ndi tsiku. Sauvignon Blanc ndi wopepuka, wowawasa bwino, ndipo fungo lake limakumbutsa magalagadeya ndi udzu wongodulidwa kumene. Kwawo kwenikweni ndi ku France, m'chigwa cha Loire ndi ku Bordeaux, ngakhale kuti masiku ano wa ku Marlborough m'dziko la New Zealand ndi wa ku South Africa watchuka kwambiri. Chambo chowotcha chimene alendo akufinyirapo ndimu chimafuna vinyo ameneyu, chifukwa kuwawasa kwake kumagwira ntchito yomwe ija ya ndimu, yotsitsimula m'kamwa popanda kuphimba kukoma kwa nsombayo. Chenin Blanc nayenso anachokera ku Loire, koma ndi mphesa imene imalimidwa kwambiri kuposa ina iliyonse ku South Africa, kumene akuluakulu akale ankaitcha Steen. Amanunkhira magwafa ndi maapulo, ndipo kwa ine ndi vinyo amene sakuchititsani manyazi mukasowa chosankha, chifukwa amagwirizana ndi nkhuku, nkhumba, nsomba yokazinga ngakhalenso ndiwo zamasamba zotendera.

Chardonnay yekha ndiye afunika kusamala, popeza dzina limodzili limabisa mitundu iwiri yosiyana. Amene sanasungidwe m'migolo ya mtengo wa oak, monga wa ku Chablis m'dziko la France, ndi wopepuka ndi wowawasa, ndipo mukhoza kumuika pomwe mukanaika Sauvignon Blanc. Amene anakhala m'migolo amakhala wolemera, wonunkhira batala ndi vanila, ndipo akaperekedwa ndi chambo chowotcha chopanda msuzi amachigonjetsa kotheratu. Malo ake ndi pa nsomba yamafuta monga kampango, kapena pa nkhuku yophikidwa ndi msuzi wa kirimu. Funsani amene amayang'anira zakumwa kuti akuuzeni Chardonnay wa pa mndandanda wanu ali mbali iti, ndipo muchite zimenezi alendo asanafike.

Tsopano tifike pa vinyo wofiira, pamene pamachitika zolakwika zambiri. Cabernet Sauvignon, mphesa ya ku Bordeaux, ili ndi zipatso zazing'ono zamakoko okhuthala, ndiye chifukwa chake vinyo wake amakhala wakuda, wolemera ndi wa tannin wambiri. Akamwedwa payekha akhoza kumveka waukali, koma akakumana ndi nyama ya ng'ombe yonona, mafuta ndi mchere za nyamayo zimafewetsa kuuma kuja, ndipo vinyoyo naye amatsuka mafuta m'kamwa kuti nthuli yotsatira ikome ngati yoyamba. Merlot ndi wofewa pomuyerekeza ndi Cabernet, ndipo ndi woyenera kwa alendo amene akufuna wofiira koma sakonda kuuma m'kamwa. Shiraz, amene ku France amamutcha Syrah, ali ndi kafungo ka tsabola wakuda, ndipo nyama ya mbuzi yowotcha pa makala kapena kanyenya wakupsa bwino ndi anzake enieni.

Inu amene muli ku South Africa muyenera kudziwa mbiri ya Pinotage, chifukwa alendo ochokera kunja adzakufunsani. Vinyo anayamba kupangidwa ku Cape m'chaka cha 1659, m'nthawi ya Jan van Riebeeck, mtsogoleri wa azungu a ku Netherlands amene anakhazikika kumeneko, koma Pinotage ndi wa pambuyo pake kwambiri. Pulofesa Abraham Perold wa ku yunivesite ya Stellenbosch ndi amene anakwatitsa mphesa ziwiri, Pinot Noir ndi Cinsaut, cha m'ma 1925, ndipo popeza Cinsaut nthawi imeneyo ankatchedwa Hermitage kumeneko, mayina a Pinot ndi Hermitage analumikizidwa kukhala Pinotage. Vinyoyu amakhala ndi kafungo ka utsi, kotero amayenda bwino ndi nyama yowotcha pa makala (braai) ndi soseji ya boerewors.

Pinot Noir ndiye amene amaswa lamulo lija mumamva lakuti wofiira ndi wa nyama ndipo woyera ndi wa nsomba. Makoko ake ndi opyapyala, tannin wake ndi wochepa, ndipo mukamuyang'ana m'galasi mumatha kuona kuseri. Wotchuka ndi wa ku Burgundy m'dziko la France, komanso chigwa cha Hemel-en-Aarde pafupi ndi Hermanus ku South Africa chimatulutsa wabwino. Mupatseni mlendo amene waitanitsa bowa, bakha, kapena nsomba yamnofu wolimba monga tuna ndi salmon. Chimene simuyenera kuchita ndi kupereka Cabernet wolemera pa nsomba yoyera, chifukwa ziwirizi zikakumana m'kamwa mumatsala kakomedwe kachitsulo kosasangalatsa, ndipo mlendoyo adzaganiza kuti nsombayo ndi imene yavunda.

Nkhani ya tsabola ndiyofunika kuimvetsa bwino, popeza alendo athu ambiri sadya popanda kambuzi kapena Nali. Mowa wambiri ndi tannin zimawonjezera kuyabwa kwa tsabola, kotero Shiraz wamphamvu pa nkhuku ya tsabola wambiri amangokoleza moto m'kamwa. Pamenepo sankhani vinyo wozizira, wa mphamvu yochepa ndi wotsekemera pang'ono, monga Riesling wa ku Germany, Chenin Blanc amene pa lebulo palembedwa off-dry, kapena rosé. Chimodzimodzinso ndi ndiwo zothira kale (curry) ndi bobotie, nyama yogayagaya yothira zokometsera ya ku South Africa. Ndiwo za tomato wambiri nazo zimafuna vinyo wowawasa, apo ayi vinyoyo amamveka wosukuluka ngati madzi, ndipo n'chifukwa chake anthu a ku Italy amamwera pasta wa tomato ndi Chianti wa ku Tuscany, wopangidwa ndi mphesa ya Sangiovese. Alendo akaitanitsa nsima musavutike nayo nsimayo, chifukwa siilimbana ndi vinyo aliyense, yang'anani ndiwo.

Vinyo wathovu amawira kawiri, ndipo mpweya wa kuwira kwachiwiri ndi umene umatsekeredwa m'kati. Dzina la Champagne ndi la vinyo wochokera m'chigawo cha Champagne ku France chokha, kotero musamatchule botolo lililonse lathovu ndi dzina limeneli pamaso pa alendo. Wa ku South Africa wopangidwa m'njira yomweyo yowirira m'botolo amatchedwa Cap Classique kuyambira 1992, wa ku Spain ndi Cava, pamene Prosecco wa ku Italy amawirira m'mathanki aakulu ndipo amakhala wopepuka. Mukaona mawu akuti brut, dziwani kuti ndi wosatsekemera. Onsewa amayenda bwino ndi zamchere ndi zokazinga, ngakhale tchipisi kapena usipa wouma bwino m'mafuta.

Potsegula botolo lotere mverani bwino, chifukwa mpweya wa m'katimo umaposa wa m'tayala la galimoto pafupifupi katatu, ndipo chotsekera chikauluka chikhoza kuvulaza diso. Onetsetsani kuti botolo lazizira, chotsani pepala lonyezimira, ndipo ikani chala chachikulu pamwamba pa chotsekera musanayambe kumasula waya. Pendeketsani botolo kuloza kumene kulibe munthu, gwirani chotsekera mwamphamvu ndi dzanja limodzi, ndipo ndi dzanja linalo zungulitsani botolo pang'onopang'ono kuchokera kunsi mpaka chotsekeracho chituluke ndi kaphokoso kochepa. Kuphulitsa ndi kutaya thovu kusiyireni a phwando la ukwati ngati apempha okha.

Za vinyo wotsekemera lamulo lake ndi limodzi, lakuti vinyo azitsekemera kuposa chakudya chomalizira chimene akutsagana nacho, chifukwa keke ikamuposa shuga vinyoyo amamveka wowawasa. Port wa m'chigwa cha Douro ku Portugal amathiridwa mowa wotcheza kuti kuwira kuime, kotero mphamvu yake imafika cha pa 20 peresenti, pamene vinyo wamba amakhala pakati pa 11 ndi 15 peresenti. Perekani Port m'kagalasi kakang'ono, pamodzi ndi chokoleti chakuda kapena tchizi yamchere.

Lembani manambala awa. Botolo wamba ndi la mamililita 750, ndipo mukamathira mamililita 150 limatulutsa magalasi asanu. Musadzaze galasi kupitirira pamene latambalala kwambiri, kuti fungo lipeze malo. Vinyo wathovu aperekedwe pa madigiri 6 mpaka 8, woyera ndi rosé pa 8 mpaka 12, wofiira wopepuka cha pa 14, ndipo wofiira wolemera pa 16 mpaka 18. Mawu akuti vinyo wofiira salowa m'firiji anachokera kumayiko ozizira, ndipo sagwira ntchito ku Mangochi mu Okutobala, kumene botolo la pa shelefu limatentha mpaka mowa wokhawokha ndi umene umamveka. Liikeni m'firiji kwa mphindi 20 kapena m'ndowa ya madzi oundana kwa kanthawi musanapite nalo patebulo.

Mukafika patebulo onetsani lebulo kwa amene waitanitsa, tsegulani iwo akuona, ndipo muwathirire pang'ono kuti alawe. Cholinga cha kulawako ndi kuona ngati vinyo sanawonongeke. Akamanunkha ngati katoni yonyowa, vuto lachokera ku chotsekera cha cork, ndipo akamamveka ngati viniga kapena woyera wasanduka wabulawuni, ndiye kuti mpweya kapena kutentha zamuwononga. Musatsutsane ndi alendo pamenepo, koma tengani botololo mukalionetse kwa akuluakulu anu ndipo mubweretse lina. Mabotolo a cork agonekeni cham'mbali pamalo amdima ndi ozizira, kutali ndi khitchini ndi jenereta, kuti chotsekera chisaume. Botolo lotsegulidwa, ngakhale la vinyo wofiira, litsekeni ndi kuliika m'firiji, lembanipo tsiku limene latsegulidwa, ndipo likapitirira masiku atatu lilaweni kaye musanathirire mlendo wina.