Mwini filimu wachidakwa ndi Zakeyu mumkuyu

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Lero tiwerenge Oweruza 11:1-35 ndi Luka 19:1-10.

Amene mumalowa m'nyumba zoonetsera mafilimu pa Mangochi boma kapena ku Monkey Bay mukuudziwa mtundu uwu wa filimu. Mwini filimu sakhala munthu wabwino. Amakhala chidakwa, mbava kapena chigawenga cha pakamwa poola, ndipo kwawo anamukana kalekale. Chapakati amakumana ndi mwana wosowa womuteteza, kenako chakumapeto amachita chinthu chimodzi chachikulu, mwinanso kufera pomwepo. Anyamata amaomba m'manja chifukwa amadziona mwa iyeyo, ndipo ine sindiwadzudzula. Kulakalaka kuti anthu akuyesenso munthu si tchimo.

Pomwe filimu imatisocheretsa ndi apa: imati umunthu wako uchite kuugula, pamtengo waukulu, kamodzi n'kamodzi. Yefita anaganiza choncho. Anali mwana wa mkazi wadama, abale ake anamupirikitsa, iye n'kukakhala ku Tobu ndi gulu la anthu achabechabe. Aamoni atavuta, akulu a kwawo ku Gileadi anapita okha kukamutenga kuti awatsogolere pankhondo. Vesi 29 ikuti Mzimu wa Yehova unali utabwera kale pa iye, komabe anawinda kuti akapambana adzapereka nsembe chomwe chidzayambe kutuluka pakhomo pake. Amene anatuluka anali mwana wake wamkazi, mmodzi yekhayo. Munthu wokanidwa kuyambira ali wamng'ono zimamuvuta kukhulupirira kuti angalandire kanthu mwaulere. Amalonjeza zopyola msinkhu, ovutika n'kukhala a m'nyumba mwake.

Kwa Zakeyu, wokhometsa msonkho uja, onetsetsani chomwe chinayamba. Yesu anamuitana ndi dzina akadali mumkuyu, asanabweze ngakhale tambala. Theka la chuma kwa osauka, ndi kubweza kanayi kwa amene anawabera, zinabwera pambuyo, atalandiridwa kale.

Ndiye inu amene usiku simugona ndi zomwe munachita, tengani kope. Lembani dzina la munthu, chomwe munamulakwira, ndipo ngati ndi ndalama lembani nambala yeniyeni. Tiyerekeze kuti munadya K60,000 ya usipa wa mwini boti. Musamuuze kuti mubweza yonse Loweruka pomwe mulibe; mukalephera, manyazi amakula kuposa poyamba, ndipo ambiri ndi pamene amabwerera ku kachasu. Nenani K10,000 pamwezi, miyezi 6, tsiku lodziwika, makamaka tsiku lomwe mwagulitsa nsomba ndalama isanalowe m'thumba la zina. Miyezi ya mwera musaiwale kuiwerengera, nyanja ikakana kulowa.

Pitani ndi mboni imodzi, mkulu wa mpingo kapena nyakwawa, ndipo pitani musanamwe kanthu. Musayambire pagulu kapena pa Facebook, chifukwa kupepesa kwa pagulu kumamukakamiza wolakwiridwayo kumwetulira mtima ukadali ndi bala. Popepesa musaikemo mawu oti "koma inunso". Akakana kukulandirani, siyani ndalamayo kwa mboni, mubwerenso mwezi wamawa. Iye ali ndi ufulu wochedwa kukhululuka.

Pali milandu ina, monga yomenya mkazi kapena kuzunza mwana, yomwe simuyenera kungotulukira pakhomo. Yambani mwafunsa kudzera mwa mboni ngati wolakwiridwayo akufuna kukuonani. Akati ayi, mverani.